Mmene ndinamuyankhulira mwamuna wanga pa chiliza cha apongozi

Pali zinthu zina zimene munthu umachita dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona, ndipo ukamazikumbukira umafuna kudzifunditsa chitenje kumutu. Changa ine ndinachichita pamaso pa mtundu wonse wakuchimuna, akulu a mpingo ali pompo. Ndikuuzani monga zinachitikira, mwina wina apulumukirapo.

Ndimakhala kumtunda kwa Kande, ndipo ndimagwira ntchito yochapa ndi kukonza m'zipinda pa loji ina kunyanja. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni. Mwamuna wanga, bambo ake Lusungu, ali ku Joni chaka chachinayi tsopano. Anachoka mwana akukwawa, pano mwanayo akutukwana nkhuku. Kwathu kuno mwamuna kupita ku Joni si nkhani, nkhani ndi kubwerako. Zikangodutsa zaka zitatu osaoneka, anthu amayamba kumutchula mtchona, ndipo amene ankatsogolera nyimbo imeneyi anali azakhali ake, mlongo wawo wa malemu apongozi anga aamuna.

"Ameneyo kwake kunatha," ankatero azakhali tikakumana koviika chinangwa. "Anapeza wina womuphikira mpunga. Iwe uzingovuula chinangwa chakochi mpaka imvi."

Ine ndinkangoseka. Koma apongozi anga aakazi, mayi ake, mawu amenewa ankawalowa mpaka m'mafupa. Ankangoonda.

Ndiye inafika nthawi yovundukula chiliza cha malemu. Bambo ake Lusungu sakanatha kubwera, koma anatumiza katundu pa galimoto za amatiransipota: bulangete la amayi ake, nsapato za mwana, ndi envulopu yomata bwinobwino. M'kati mwake munali kafulashi kakang'ono ngati chala cha khanda. Lamlungu lake anaimba foni.

"Mu fulashimo muli vidiyo, ndinajambulitsa kwa mnzanga," anatero. "Ndi mawu anga opita kwa amama ndi abale onse. Ukaonetse pa chiliza, anthu ali pamodzi. Koma tamvera bwino: siitseguka pa kompyuta iliyonse ayi. Imafuna pulogalamu inayake. Usanabwereke laputopu ya munthu, uyambe waona ngati pulogalamuyo ilimo."

"Nanga ine ndikaidziwa bwanji?"

"Ili ndi kachipewa kosongoka kaolenji, kamizere yoyera, konga timene apolisi amaika pamsewu. Dzina lake ndi..."

Mayunitsi anathera pomwepo. Dzinalo sindinalimve, koma sindinadandaule. Kachipewa ka apolisi ndani sakadziwa?

Apa ndiyenera kuulula chinthu china (musaseke kwambiri). Ine ndinkaganiza kuti vidiyo ya mu fulashi ili ngati kakhadi ka mayunitsi: ukakanda n'kulowetsa kamodzi, basi katha. Palibe anandiuza zimenezi, ndinangoziganiza ndekha, ndipo ndinazikhulupirira ngati vesi. Choncho ndinalumbira kuti fulashi imeneyi palibe aikhudze mpaka tsiku la chiliza. Ndinaikulunga m'kapepala n'kuibisa m'buku la kusikelo la Lusungu, chifukwa ndilo buku lokhalo m'nyumba mwanga limene silinasowepo.

Ndinayambira kwa aphunzitsi a Kamanga a pa pulayimale yathu, poti ndiwo apafupi. Sukulu ili ndi laputopu imodzi imene inachokera kwa anthu akufuna kwabwino, yomatidwa chithunzi cha mbalame yonenepa yokhala ngati bakha wovala jekete. Ndinafotokoza za kachipewa kaja.

"Ndaidziwa pulogalamu imeneyo," anatero aphunzitsi. "Tiyeni tiifunse kompyutayi ngati ili nayo."

Tiifunse? Ndinayembekeza kuti aloza pa sikilini n'kunena kuti si iyi. M'malo mwake anatsegula kabokosi kakuda bii, analembamo timawu tiwiri, n'kudina batani. Pansi pake panatuluka kamzere kamodzi ka zilembo zoyera, kodukizadukiza ndi timitengo topendekeka.

"Ilipo, mayi a Lusungu. Si iyi yayankha, yatiuza ndi pomwe ikukhala."

"Kachipewa kali kuti?"

"Makompyuta amasiyana, ama. Mtundu uwu umafunsidwa chonchi. Ikanakhala mulibe, sikanayankha kanthu."

Ndinayang'ana kamzere kaja, ndinayang'ana aphunzitsi. Mumtima ndinati: munthu uyu wangolemba yekha zimene akufuna. Inetu ndinauzidwa za chipewa, osati za mizere.

"Bweretsani fulashiyo tiyese pompano," anatero.

"Ayi, yewo ada, ndibweranso." (Ndinatuluka ndikudziyamikira kuti ndapulumutsa mawu a mwamuna wanga kwa munthu wofuna kuwamaliza Lachiwiri.)

Wachiwiri anali Madamu, mwini loji. Yawo ndi yopyapyala ngati mbale, yasiliva, kumsana kwake kuli chipatso cholumidwa mbali imodzi. Ndinawapeza akutuluka kukakangana ndi wobweretsa nsomba, ndiye anangoitsegula n'kuisiya pabedi.

"Yang'ana wekha, ine ndibwera," anatero m'Chichewa chawo chokhota.

Ndinapukuta manja pa yunifolomu, ndinawerama. M'munsi mwa sikilini munali tizithunzi tandandalika ngati tomato pamsika: kenvulopu, kakampasi, kankhope komwetulira, kabini. Ndinawerenga kuchokera kumanzere, ndinabwerezanso kuchokera kumanja. Kachipewa palibe. Kukhudza ndinaopa, poti chinthu chimenecho chitathyoka ndingachape mashiti mpaka Lusungu atakwatiwa. Madamu atabwera ndinawauza kuti mulibe. Anati mwina ili m'kati, ndibweretse fulashi tione. Ndinakananso mwaulemu. Anthu awiri ophunzira anandipempha chinthu chimodzimodzi, ine wa sitandade seveni n'kuwakanira onse.

Kenaka ndinapita kwa achemwali Esnart a pa risepushoni. Iwo ndi a ku Dedza, ndipo amayankhula Chichewa chija chosalala chimene ife a kuno timachimvera pa wailesi. Anali pakati pa alendo atatu ofuna makiyi, ndiye anangotembenuza laputopu ya mu ofesi kuti ndidzionere. Abale inu! Pakona pa sikilini, pamwamba pa chithunzi cha mapiri, kachipewa kanga kali neng'a, kaolenji, mizere yoyera iwiri. Ndinatsala pang'ono kuimba nthungululu alendo ali pomwepo.

"Ndi kameneka! Achemwali, Loweruka mundibwereke."

"Ya mu ofesi siyenda yokha," anatero. "Ndibwera nayo ndekha. Koma mundisungire nsomba ya batala yowotcha."

Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati ndapambana mayeso. Ndinauza apongozi, ndinauza amayi a kumpingo, ndipo (apa ndiye pamene ndinadzikumbira dzenje) ndinakauzanso azakhali pakhomo pawo, kuti Loweruka akamva mtchona wawo uja akuyankhula ndi pakamwa pake.

Loweruka linafika. Kumanda zonse zinayenda bwino: nyimbo, pemphero, nsalu inachotsedwa, anthu anayamikira chiliza. Titabwerera kunyumba tinaika tebulo pansi pa mtengo wa mango, tinamanga shiti kumbuyo kuti dzuwa lisaphimbe sikilini, ndipo a kwaya anatibwereka sipika yawo yaikulu. Apongozi anakhala kutsogolo pa mphasa atafunda bulangete latsopano lija, ngakhale kunali kotentha koopsa. Azakhali anabweretsa mpando wawo kuchokera kwawo n'kuukhazika pakati penipeni. Ine ndinatulutsa fulashi m'buku la kusikelo ngati ndikutulutsa mwana m'chikuta.

Achemwali Esnart anailowetsa. Anadina kachipewa.

Panatuluka kabokosi koyera kolembedwa Chingerezi.

Anadinanso. Kabokosi komweko. Ndinaona akuluma mlomo.

"Mayi a Lusungu," ananong'ona, "pulogalamu ija mulibe."

"Mulibe bwanji? Si iyo?"

"Ichi ndi chithunzi chabe, cholozera. Bambo amene anabwera kudzakonza kompyutayi mwezi watha ayenera kuti anaichotsa, kachithunzi n'kukasiya. Zili ngati chikwangwani cha golosale chili chiimire, golosaleyo anagumula."

"Ndiye iikeninso!"

"Ndi netiweki iti? Kuno foni imagwira pa chulu pokha, ndipo ndi yoimbira basi."

Anthu anayamba kutsokomola, kuja kutsokomola kopanda chifuwa. Kumbuyo kunaimirira aphunzitsi a Kamanga, amene anabwera ku mwambowo ngati mnansi. "Yathu ija ili nayo," anatero mokweza kuti aliyense amve, "koma yatsekeredwa mu ofesi, ndipo makiyi apita ndi ahedi ku Chintheche." Anakhala pansi osandiyang'ana. Bola akanangonditukwana.

Achemwali Esnart anati ayesa kutsegula ndi pulogalamu ina imene imabwera ndi kompyuta yomweyo. Anadinadina, ndipo mwadzidzidzi nkhope inatulukira. Bambo ake Lusungu! Atakhala pa mpando wa pulasitiki, atavala jekete yabuluu, masaya atadzaza pang'ono. Anthu anakuwa. Apongozi anakwawa ndi maondo mpaka pa tebulo, anatambasula dzanja n'kugwira sikilini pa tsaya pake.

Milomo yake inayamba kuyenda. Mawu, zii.

A kwaya anapotoza sipika mpaka inalira ngati nkhumba. Anasintha chingwe. Anachotsa sipika kuti laputopu iyankhule yokha. Zii. Achemwali anati pulogalamu iyi zithunzi ikuziona, koma mtundu wa mawuwo sikuudziwa, n'chifukwa chake mwini wake ananena za ya kachipewa ija. Mwamuna wanga anapitiriza kuyasamulayasamula ngati chambo cha m'bwato.

Azakhali anaseka mpaka anagwira m'nthiti. "Mwaonatu! Nkhope watibwereka, koma mawu wakaniza mkazi wa kumeneko!"

Anthu ena anaseka nawo. Apongozi anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono n'kuliika pa miyendo. Ndiye mkulu wa mpingo, pofuna kukonza zinthu, anatembenukira kwa ine.

"Mayi a Lusungu, inu fulashiyi mwakhala nayo sabata ziwiri, munaionera kale. Tangotiuzani zimene mwana wathu akunena."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanati: pepani ada, sindinaionere. Mawu atatu okha. Koma ndinayang'ana azakhali akupukuta misozi ya phwete, ndinayang'ana msana wa apongozi, ndipo ndinangopezeka ndaimirira pambali pa tebulo. Ndinauza achemwali kuti ayiyambitsenso.

Poyamba zinali zosavuta. Munthu aliyense amayamba ndi moni, ndiye ndinapereka moni kwa onse, mwa maina, kuyambira akulu a mpingo. Ataika dzanja pachifuwa ndinati, "Akuti thupi lili ku Joni koma mtima uli pano." Azimayi anavomera kuti eee. Ataloza kumwamba ndinati, "Akuti adada akupumula kwa Mulungu." Anthu anati amen. Ndinayamba kuzolowera (ili ndiye tsoka la bodza, limakoma msanga). Atatukula zala n'kuyamba kuwerenga, chimodzi, ziwiri, zitatu, ndinasowa chonena, ndinangoti, "Akuwerenga madalitso."

Kenaka anawerama nthawi yaitali, n'kupukuta m'maso ndi mkono wa jekete. Atadzutsa mutu anayankhula pang'onopang'ono, akuyang'ana ife.

"Nanga za kubwera akutipo chiyani?" anafunsa azakhali. "Kapena pamenepo sipakumveka?"

"Akuti pa Khirisimasi ali kuno."

Sindidziwa kumene mawu amenewa anachokera. Ndinangowamva akutuluka. Nthungululu zinabuka mpaka mbuzi zinathawa. Apongozi anaimirira, anataya bulangete, n'kuyamba kuvina pamaso pa tebulo, munthu amene chimwalirire amuna awo anali asanasekepo. Ine m'malo molekera pomwepo ndinawonjezera ndiwo: "Akutinso azakhali asadandaule, chitenje chawo abwera nacho yekha." Achemwali Esnart ananditsina pa ntchafu pansi pa tebulo. Chakumapeto kwa vidiyo milomo yake inkatseguka motalika, mutu ukugwedezeka, ndipo ndinati akupemphera. Anthu onse anatsinzina.

Lolemba ndinapita kwa Madamu ndi fulashi m'manja, poti tsopano ndinali nditaona kuti siitha ngati mayunitsi. Anadina mabatani awiri pamodzi, panatuluka kampata pakati pa sikilini, analemba zilembo zitatu, kachipewa n'kudumpha kokha. Kanalimo nthawi yonseyi. Pa mtundu wa laputopu yawo, zimene zili m'munsi muja ndi zokhazo zimene mwini wake amagwiritsa ntchito kawirikawiri, zina zonse zimakhala m'kati, umachita kuziitana ndi dzina. Anandisiya ndekha m'chipindamo, ndinakhala pansi pafupi ndi ndowa yanga yokolopera, n'kumvera.

Moni uja ndinakhoza. Za mtima ndinayandikira. Koma zala zija sankawerenga madalitso, ankawerenga zaka zimene wakhala osaona amayi ake. Ndipo pamene anawerama paja ankati mapepala ake anatha, akangodutsa malire sadzaloledwa kubwereranso, ntchito idzathera pomwepo, choncho chaka chino sabwera, mwinanso chamawa. Anapempha amayi ake kuti amukhululukire. Anati asamvere zonena anthu, iye alibe banja lina. Ndipo kumapeto kuja sankapemphera ayi. Ankaimba nyimbo ya m'buku imene malemu bambo ake ankaikonda posoka ukonde, akuiphonya pokwera monga momwe ankaiphonyera malemuwo.

Tsiku limenelo ndinakolopa chipinda chimodzi kawiri, china osachigwira.

Lamlungu bambo ake Lusungu ataimba ndinamuuza zonse.

"Ndiye wandilonjezera Khirisimasi?"

"Ndi chitenje cha azakhali."

"Mayi a Lusungu, ine ndinayeserera mawu amene aja sabata yathunthu kuti ndiwauze amama choona popanda kuwapha. Ukakonze wekha. Ine bodza lako sindilisenza, komanso sindikuyalutsa."

Ndinavomera kuti ndikawauza mawa. Anthu amandiyamikira kuti ndine wodekha, sindipupuluma. Koma kudekha kwina ndi mantha chabe atavala zovala za kutchalitchi. Mawa lija linakhala sabata, sabata inakhala mwezi. Nthawi iliyonse ndikatsegula pakamwa ndinkapeza apongozi ali pa ntchito ina yokonzekera mwana wawo. Anazira nyumba yake. Anagula mphasa yatsopano. Anasankha tambala mmodzi n'kuyamba kumudyetsa payekha, namutcha dzina loti Mlendo. Anayanika chinangwa chochuluka ngati kukubwera ukwati. Ngakhale azakhali anasiya nyimbo ya mtchona, anayamba kundifunsa ngati chitenjecho chidzakhale cha maluwa kapena cha mizere. Apongozi ankanenepa, ine ndikuonda. Akaimba foni iye, ndinkawapatsa kuti alonjerane mphindi imodzi, ine nditaima pambali thukuta lili kamukamu, ndipo akangoyamba kuti "Ndiye ubwera tsiku liti," ndinkati netiweki yathawa.

Itatsala sabata imodzi Khirisimasi, apongozi anayamba kupita ku siteji pamsewu waukulu m'mawa uliwonse, ndi Lusungu kudzanja, kukaona mabasi ochokera kumwera. Tsiku lachitatu mwanayo anabwera n'kundifunsa kuti, "Amama, adada ndi aatali kapena aafupi? Ndisawaphonye." Pamenepo ndinalephera kupirira.

Apongozi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa. Ndinagwada, ndinanena zonse, kuyambira pa kakhadi ka mayunitsi mpaka pa chitenje. Sanasiye kusenda. Ndinayembekeza kuti akalipa, mwina kunditumiza kwathu, koma anangofunsa funso limodzi (ankayankhula Chitonga, ine ndikungokutembenuzirani):

"Ndiye mawu akewo alipo?"

"Alipo, ama."

"Kuyambira tsiku lija alipo?"

Ndinavomera ndi mutu. Anaika mpeni pansi, anasamba m'manja, anamanga duku.

Sukulu inali yotseka, koma aphunzitsi a Kamanga anakatenga makiyi osafunsa zambiri. Anatsegula kabokosi kawo kakuda kaja, analembamo, ndipo mawu a bambo ake Lusungu anadzaza mu ofesi ya ahedi. Apongozi anakhala pa benchi la ana, manja pa maondo. Pa nkhani ya mapepala sanagwedezeke. Pa kupepesa sanagwedezeke. Koma itafika nyimbo ija, pokwera paja pamene anaphonya, apongozi anaseka kamodzi, kenaka anaphimba nkhope ndi duku. Anapempha kuti ibwerezedwe. Inabwerezedwa katatu, aphunzitsi ataima pazenera akuyang'ana bwalo la mpira ngati pali masewera.

Pobwerera, tikuyandikira kunyumba, ndi pamene apongozi anati:

"Za Khirisimasi anafunsa ndi azakhali ako, sindine. Ine ndinkangofuna kumva mawu a mwana wanga. Wandimana miyezi itatu."

Tambala uja tinamudya ndithu pa Khirisimasi, koma ine ndinangonyambita msuzi. Azakhali ndinakawauza ndekha, ndipo zimene anandiyankha sizolemba pano. Nyimbo ya mtchona anaiyambiranso, kungoti tsopano ili ndi ndime yachiwiri yonena za ine.

Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti chinthu usamangochiona kuti chilipo, uzichiyesa kuti chikugwira, ndipo uzichiyesa Lachiwiri, osati Loweruka anthu atakhala kale pa mphasa. Ndinaphunziranso kuti makompyuta ali ngati anthu a m'maboma osiyana, aliyense amafunsidwa m'chiyankhulo chake. Koma maphunziro amenewa sanandibwezere chimene ndinataya. Apongozi anandikhululukira, timadyera limodzi, amandisungira mwana ndikapita ku ntchito. Kungoti masiku ano ndikabwera ndi uthenga uliwonse, ngakhale waung'ono, kuti bambo ake Lusungu akupereka moni, amandiyang'ana kaye, kenaka amafunsa mofatsa:

"Wanena yekha, kapena wamuyankhulira?"